Madzi otsekemera opanda shuga? Tembenuzani kaye botololo

Tchuthi chathachi, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinafika kwathu kwa Kadewere nditatheratu ndi minibasi komanso kabaza. Nditangokhala pakhonde, achemwali ananditungira madzi a mumtsuko. Ndinamwa theka, otsalawo ndinapatsa mwana wawo wa zaka zisanu yemwe anali atangobwera kosewera, thukuta lili kamukamu. Analawa pang'ono, nkukwinya nkhope, nkundibwezera kapu.

"Ankolo, amenewa ndi osakoma. Ine ndikufuna ofiira aja."

Ofiira ajawo ndi juwisi wa ufa, wa m'timapaketi tija timapachikidwa pa hokala iliyonse. Kapaketi kamodzi mukathira m'chigubu cha malita awiri, madzi onse afiira, atsekemera, ana amwa mpaka milomo kusintha mtundu. Tonse tinaseka. Ine, monga munthu wa ku yunivesite amene amayenera kuoneka wodziwa zinthu, ndinayamba kulalikira. Ndinauza achemwali kuti akumupha mwanayu ndi shuga. Kenako ndinapisa m'chikwama nkutulutsa botolo lomwe ndinagula ku Limbe, madzi a gasi a fungo la zipatso, oyera mbee, olembedwa kutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu kuti mulibe shuga. "Zakumwa za anthu osamala moyo wawo ndi izi," ndinatero.

Achemwali sanatsutse. Anangolowa m'nyumba, nkubwera ndi kapaketi kaja. "Achimwene, inu mumatha Chingerezi. Tatiwerengereni apa, muwerengenso panu paja, timve kusiyana kwake." Ndinatembenuza kapaketi. Pa tizilembo tating'onoting'ono ta kumbuyo panali mayina awiri: aspartame ndi acesulfame K. Ndinatembenuza botolo langa la ku Limbe. Mayina ake anali omwewo. Ine ndi mphwanga tinkamwa mankhwala otsekemeretsa amodzimodzi, kungoti ake anali ndi utoto wofiira, anga anali ndi gasi, ndipo ndalama yomwe ndinalipira ikanagula timapaketi take ta sabata yathunthu.

Manyazi a tsiku limenelo ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Mfundo yanga ndi imodzi: chakumwa chilichonse chomwe chathiridwa mankhwala otsekemeretsa chisamatchedwe madzi, ndipo ife ogula tisiye kuchigula ngati madzi. Ngati mukufuna madzi a gasi kapena a fungo la zipatso, alipo opanda shuga komanso opanda zotsekemeretsa za m'fakitale. Amenewo ndiwo oyenera dzinalo. Enawo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zomwe zangovala yunifolomu ya madzi.

Tiyambe ndi funso lomwe achemwali anandifunsa madzulo ake: kodi kaufa kochepa chonchija kamatsekemeretsa bwanji chigubu chonse, pamene shuga weniweni timathira masupuni ambirimbiri? Yankho lagona pa mphamvu ya mankhwalawa. Aspartame ndi acesulfame K amatsekemera pafupifupi maulendo 200 kuposa shuga. Saccharin amafika maulendo 300 kapena kuposa, sucralose pafupifupi 600. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya aspartame imagwira ntchito ya matumba anayi a shuga a makilogalamu 50. Mwini fakitale akaona samu imeneyi safunanso mlangizi. Si za lero izi. Saccharin anatulukiridwa mu 1879 ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, ndipo anatchuka kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene shuga anasowa. Aspartame anapezeka mu 1965, katswiri wina wotchedwa James Schlatter atanyambita chala pamene ankafufuza mankhwala a zilonda za m'mimba.

Taonani bwino mbiri imeneyi. Mankhwalawa amayenda malonda shuga akasowa kapena akadula. Ife tonse tikukumbuka momwe shuga anavutira kumayambiriro kwa 2024, mizere ili ndandanda m'masitolo, m'dziko lomwe lili ndi minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Tikukumbukanso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ku South Africa, komwe kumachokera katundu wambiri wa m'masitolo athu, boma linayamba pa 1 Epulo 2018 kudula msonkho pa zakumwa zomwe zili ndi shuga wopitirira magalamu 4 pa mamililita 100 aliwonse. Makampani ambiri anachepetsa shuga nkuthiramo zotsekemeretsa kuti kukoma kusasinthe koma msonkho uchepe. Choncho mukaona mawu oti "zero", "lite" kapena "no added sugar" musafulumire kuganiza kuti kwinakwake kuli bwana yemwe sagona tulo poganizira thupi lanu. Bwanayo wapeza njira yotsika mtengo yopangira chakumwa, kenako wakugulitsani njirayo ngati chifundo.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa sindikufuna kufanana ndi mauthenga aja amayenda pa WhatsApp, oti ukamwa kamodzi mawa lake wadwala khansa. Mankhwalawa si poizoni. Mu Julaye 2023, nthambi ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, inaika aspartame m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, gulu lomwe umboni wake ndi wochepa. Nthawi yomweyo komiti ina ya akatswiri, ya JECFA, inati muyezo wakale usasinthe: munthu angathe kumwa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Iwo anapereka chitsanzo choti munthu wolemera makilogalamu 70 angapyole muyezowo atamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 patsiku, ngati chitini chilichonse chili ndi mamiligalamu 200 kapena 300.

Anzanga a ku hositelo akamva nambala imeneyi amaomba m'manja. Ndani angamwe zitini 14? Koma samuyo inawerengedwa pa thupi la munthu wamkulu. Tiyeni tiwerengere mwana wa makilogalamu 18, ngati mphwanga. Tikachulukitsa 18 ndi 40 tipeza mamiligalamu 720. Zimenezo ndi zitini zosakwana zinayi basi, mwinanso zosakwana zitatu. Ndipo pa kapaketi kaja achemwali anandipatsa panalembedwa dzina la mankhwala okha, osanena kuti alimo ochuluka bwanji. Mayi wa kumudzi angadziwe bwanji kuti mwana wake wafika pati, pamene mwanayo wamwa kunyumba, wagula filizesi pageti pa sukulu, nkukamwanso kwa anzake? Sindikunena kuti mphwanga wapyola muyezo. Ndikunena kuti amene akumugulitsa sanapatse mayi ake njira yoti awerengere.

Komabe nkhawa yanga yaikulu si khansa. Ndi lilime. Mu Meyi 2023, WHO inatulutsa malangizo oti anthu asamagwiritse ntchito zotsekemeretsa zopanda shuga pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa kafukufuku sakuonetsa kuti zimathandiza pakapita nthawi yaitali. Inatinso pali zizindikiro zoti kuzigwiritsa ntchito zaka zambiri kumayendera limodzi ndi chiopsezo cha matenda a shuga ndi a mtima, ngakhale inavomereza kuti umboniwo sunafike potsimikiza kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa. Malangizowa anaphatikiza ngakhale stevia, yemwe amachokera ku masamba ndipo amagulitsidwa ngati wachilengedwe. Anapatula anthu omwe ali kale ndi matenda a shuga, ndipo amenewo atsate zomwe auzidwa kuchipatala, osati zolemba za mwana wa sukulu ngati ine. Koma kwa tonsefe uthenga wake unali woti tichepetse kutsekemera kwenikweniko m'zakudya ndi m'zakumwa, kuyambira tili ana.

Apa ndiye pagona nkhani. Mmera mpoyamba. Mwana amene wazolowera kuti chilichonse chamadzimadzi chiyenera kutsekemera sasamala kuti kutsekemerako kwachokera ku nzimbe za ku Nchalo kapena ku fakitale ya kunja. Chimene waphunzira ndi chakuti madzi a pa mjigo ndi osakoma. Akadzakula nkuyamba kugwira ndalama zake, sadzafunsa kuti botolo ili lili ndi aspartame kapena shuga. Adzagula chilichonse chotsekemera chomwe chili pafupi. Kaufa kofiira ka lero ndi sukulu ya mkaka ya kasitomala wa mawa. Ndipo ine wa ku yunivesite, ndi botolo langa loyera lija, ndinali m'kalasi yomweyo, kungoti ndinkakhala kutsogolo.

Wina anganene kuti ngati zili choncho tibwerere ku shuga weniweni, poti ndi wathu komanso kuno kwathu amathiramo vitamini A. Ayi. Kuthawa mvula nkukagwera mumtsinje kumeneko. Chakumwa cha kola chodziwika bwino chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10.6 pa mamililita 100. Botolo la mamililita 300 ndiye kuti lili ndi magalamu pafupifupi 32, omwe ndi masupuni a tiyi asanu ndi atatu. Malangizo a WHO a mu 2015 amati munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala pa 25. Botolo limodzi lokha lapyola kale muyezo wabwinowo, musanawerengere tiyi wa m'mawa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi 5.6 peresenti ya akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga wokwera m'magazi, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera. Nthawi imeneyo ine ndinali ndisanadziwe ndi kulemba dzina langa lomwe. Lero azakhali anga amakwera kabaza mwezi ndi mwezi kupita kuchipatala cha pa boma kukayezetsa shuga, ndipo ndalama ya ulendowo imachokera m'thumba lomwelo logulira feteleza. Matenda amene tinkati ndi a mabwana a m'tauni anafika kale kumudzi.

Nchifukwa chake ndikukana kusankha pakati pa shuga ndi mankhwala otsekemeretsa, ngati kuti dziko lili ndi zakumwa ziwiri zokha. Pali njira yachitatu yomwe otsatsa malonda sailankhula chifukwa mulibe phindu lalikulu: madzi omwe ali ndi fungo ndi kakomedwe koma osatsekemera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mayankho kale, ndipo ena ndi amphamvu. Loyamba ndinalimva kwa achemwali omwe. "Inu mumadya zabwino ku Blantyre. Mwanayu chomusangalatsa chake ndi chimenechi, mukufuna mumulande?" Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ndi oona mbali ina. Sindikulimbana ndi Fanta ya pa Khirisimasi, kapena Sobo wa pa chinkhoswe. Tonse tinakulira momwemo, ndipo chisangalalo chake chinali chakuti zinkabwera kamodzikamodzi. Chomwe chasintha nchakuti zotsekemeretsa zatsitsa mtengo wa kutsekemera mpaka kwafika pokhala chinthu cha tsiku ndi tsiku, cholowa m'malo mwa madzi akumwa. Chakumwa cha pa chikondwerero chikasanduka cha pa ludzu, mwana sanapindule kanthu. Wataya chikondwerero, wataya ndi madzi omwe.

Yankho lachiwiri ndi lowawa kwambiri kwa ine. Mayi anga anagulitsa mafilizesi zaka zambiri. Ankanyamula chikulaboksi pamutu kupita nacho kumsika wa ku Thumbwe, ndipo ndalama zina zomwe zinandilipirira mayeso a Fomu 4 zinachokera m'timapepala tofiira ndi tachikasu timeneto. Ndingakhale wopanda ulemu kuima pano nkumatukwana amayi omwe akuchita zomwezo lero. Iwo sanapange ufawo, ndipo ambiri sanauzidwepo zomwe zilimo. Koma ndikukumbukanso kuti mafilizesi omwe ankatha msanga m'bokosi la mayi anali a malambe ndi a bwemba. Anthu ankawafuna chifukwa cha kuwawasa kwake. Malambe amapezeka m'misika yathu, ndipo aliyense amene wadutsa pa Zalewa wawaona ali milumilu m'mbali mwa msewu. Inde, mumalowa shuga, koma wothirayo ndi mayi yemwe akuona ndi maso ake kuchuluka kwake ndipo angathe kuchepetsa. Bizinesi ya amayiwa siingafe chifukwa chosiya ufa wa m'fakitale. Ndalama zomwe zimapita kunja zingatsalire kwa wotola malambe wa ku Neno.

Yankho lachitatu ndi la kolera. Mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 zitsime ndi zimbudzi zambiri kuno kummwera zinaonongeka, Chiradzulu osatsala. Munthu akanena kuti amakhulupirira cha m'botolo kuposa cha pachitsime, sindimuseka. Koma taganizani: juwisi wa ufa uja amasungunulidwa ndi madzi ati? Filizesi wa pageti pa sukulu amapangidwa ndi madzi ati? Utoto ndi kutsekemera sizipha tizilombo, zimangobisa fungo lomwe likanakuchenjezani. Mankhwala a madzi okayikitsa ndi kuwiritsa kapena kuthira kolorini, monga alangizi a zaumoyo amatiuzira, nkusunga m'chiwiya chovundikira. Ndipo ngati muli ndi ndalama ya botolo, madzi wamba a m'botolo alipo, otchipa kuposa otsekemerawo.

Tsopano tibwere kwa ife a m'tauni, amene timaima kutsogolo kwa firiji ya m'sitolo nkumasankha. Ine ndimakonda madzi a gasi ndipo sindinasiye. Gasiyo payekha si mdani. Ndi mpweya wa carbon dioxide wolowetsedwa m'madzi, luso lomwe Joseph Priestley analitulukira ku Leeds mu 1767, ndipo Jacob Schweppe anayamba kuchita nalo malonda ku Geneva mu 1783. Mulibe shuga mu gasi, mulibe mafuta. Vuto ndi zomwe zimakwera nawo basi imodzi. Choncho lamulo loyamba ndi lomwe achemwali anandiphunzitsa: kutsogolo kwa botolo kumalankhula wotsatsa malonda, kumbuyo kumalankhula lamulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani botolo, pezani mndandanda wa zosakaniza.

Madzi a gasi enieni mndandanda wake ndi waufupi: madzi ndi carbon dioxide, kapena mawu oti "carbonated water" basi. A fungo la zipatso abwino amaonjezera chinthu chimodzi kapena ziwiri, fungolo ndipo mwina madzi a mandimu. Mukaona aspartame, acesulfame K, sucralose, saccharin kapena cyclamate, bwezani. Nthawi zina mayinawa amabisala m'manambala: E950 ndi acesulfame K, E951 ndi aspartame, E952 ndi cyclamate, E954 ndi saccharin, E955 ndi sucralose. Cyclamate ameneyu boma la America linalengeza zomuletsa mu 1969, ngakhale mayiko ambiri amamulolabe. Mukaona chenjezo lotchula phenylalanine, dziwani kuti muli aspartame, chifukwa chenjezolo amaliikira anthu obadwa ndi vuto losatha kugaya chinthu chimenechi. Ngati tizilembo tachepetsetsa, lilime lanu likuuzani: chakumwa chikatsekemera pamene pepala likuti shuga ndi ziro, chinachake chathiridwamo.

Samalaninso ndi mabotolo ofanana nkhope. Soda water nthawi zambiri amakhala ndi timchere tina ta sodium, choncho a BP ayang'ane kuchuluka kwake. Tonic water, ngakhale dzina lake lili ndi madzi ndipo amawawa, amakhala ndi shuga wambiri kapena zotsekemeretsa zobisa kuwawa kwa kwinini. Pali nkhani ya mano. Gasi amapangitsa madzi kukhala ndi asidi wofooka, koma zakumwa za fungo la zipatso zambiri zimathiridwanso citric acid, ndipo asidi ameneyu akamakhudza mano pafupipafupi amadya chikutiro chake cholimba, kaya muli shuga kaya mulibe. Izi zikukhudzanso mandimu ndi bwemba wathu yemwe, ndisakunamizeni. Nzeru yake ndi kumwa pa nthawi ya chakudya, osati kumangopsontha tsiku lonse, kenako nkutsukuluza m'kamwa ndi madzi wamba.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kudzipangira. Ku hositelo ndimagula botolo la madzi a gasi opanda kanthu, nkufinyiramo ndimu kapena kuponyamo tizidutswa ta chinanazi cha ku Mulanje. Kumudzi, komwe gasi kulibe, kuli zambiri kuposa zomwe zili mu firiji ya sitolo iliyonse ya ku Limbe. Chidede chikaviikidwa m'madzi owira chimafiira kuposa ufa uja, ndipo kufiira kwake ndi kwa mbewu ya m'munda. Udzu wa mandimu womwe timathira mu tiyi umakoma ukazizira. Pali bwemba, pali malambe, pali magwafa, pali nkhaka. Agogo anga ankafukiza mtsuko ndi utsi asanathiremo madzi, ndipo madzi ake ankakhala ozizira ndi kafungo komwe mpaka lero sindinakapeze m'botolo lililonse. Anthu a ku Ulaya akathira kagawo ka nkhaka m'madzi amawapatsa dzina lapamwamba nkumagulitsa mu hotela. Ife tikachita zomwezo timati ndi umphawi. Sukulu yomwe tikuphunzirayi ikanatithandiza kuchotsa manyazi amenewa, koma ambirife ikungotionjezera.

Thobwa ndisamusiye, chifukwa wina andifunsa. Thobwa ndi chakudya, si madzi, ndipo ndimamulemekeza. Kutsekemera kwake kwenikweni kumachokera ku chimera: mbewu ikamera, imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Agogo sankathiramo kanthu kena. Lero thobwa wambiri wa pamsewu amathiridwa shuga wochuluka chifukwa makasitomala, omwe ndi ife, tikalawa wachikale timati sanapse. Umenewu ndi umboni wina woti lilime la dziko lonse lasuntha. Likhoza kubwereranso. Aliyense amene anachepetsapo shuga mu tiyi akudziwa kuti masiku oyamba amakhala owawa, koma pakapita milungu ingapo tiyi wa masupuni atatu uja amayamba kukola.

Koma sindikufuna kuti katundu yense asenze ndi ogula, ngati kuti vuto ndi ulesi wa mayi wosawerenga tizilembo ta Chingerezi. Tili ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe lilipo kuyambira 1972. Mu 2016 bungweli linaletsa chakumwa cha Frozy chochokera ku Mozambique litapeza kuti citric acid anapyola muyezo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa pambuyo pake. Kaya munakondwa nazo kaya munadandaula, nkhani ija inaonetsa kuti boma likafuna kuyang'ana m'botolo limatha. Ku Mexico, kuyambira 2020, chakumwa kapena chakudya chomwe chili ndi zotsekemeretsa chimayenera kulembedwa kutsogolo, poonekera, kuti muli zotsekemeretsa ndipo nchosayenera ana. Sanaletse malonda a munthu. Anangolamula kuti choonadi chichoke kumbuyo chibwere kutsogolo.

Chotilepheretsa ife nchiyani? Makampani a mafoni amatitumizira mauthenga m'Chichewa akafuna kuti tigule mabandulo. Andale amalankhula Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe akafuna mavoti athu. Opanga zakumwa nawo amaimba nyimbo za Chichewa pa wailesi potiitanira malonda. Chichewa chimangosowa pamalo amodzi, pomwe payenera kulembedwa zomwe zili m'kati. Pempho langa kwa a MBS, a unduna wa zaumoyo, a bungwe loimira ogula la CAMA ndi a CFTC ndi la mizere iwiri. Chakumwa chilichonse chokhala ndi zotsekemeretsa chilembedwe kutsogolo m'Chichewa kuti "Muli mankhwala otsekemeretsa", pamodzi ndi kuchuluka kwake. Ndipo mawu oti madzi asaloledwe kukhala dzina lalikulu la chakumwa chotsekemeretsedwa. Mlimi akathira mchenga m'thumba la nandolo timati ndi wakuba. Wothira aspartame m'botolo nkulemba kuti madzi tizimutcha chiyani?

Kwa anzanga a m'makoleji, ife tili ndi mlandu wapadera. Kumudzi amationa ngati galasi. Chomwe tanyamula m'manja potsika minibasi, ana amachiona ngati chizindikiro cha kutukuka. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndipo udindo umenewo sungoyamba tsiku la ukwati kapena la maliro. Umayamba ndi zomwe watulutsa m'chikwama. Ine ndinatulutsa botolo lomwe sindinaliwerenge, ndili ndi zaka zitatu za ku yunivesite m'mutu, nkumanyoza mlongo wanga yemwe analekera Sitandade 8. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo wofunsa anali iye.

Masabata awiri omwe ndinakhala kumudzi tinayesa kanthu. Sitinamulande mwana ofiira ake, chifukwa kulira kwake kukanadzutsa mudzi wonse. Achemwali anayamba kuthira theka la kapaketi m'chigubu chomwe chija, kenako kachigawo kochepa, ndipo masiku ena ankaviika chidede nkuthira kasupuni kamodzi ka shuga. Tsiku loyamba la chidede anakana. Lachitatu anamwa theka, akudandaula kuti nchowawasa. Tsiku lomwe ndinkanyamuka anabwera kuchokera ku mpira wa chikulunga, nkupita yekha pamtsuko, nkumwa kapu yathunthu osalankhula kanthu. Atamaliza anandiyang'ana nkufunsa ngati pa Khirisimasi ndidzamubweretsere Fanta.

Ndinamulonjeza kuti ndidzabweretsa imodzi, ya tsiku limenelo. Achemwali andiuza pa foni kuti ofiira aja amawafunsabe akaona anzake akumwa, ndipo masiku ena amamupatsa. Ine kuno ndikupitiriza kutembenuza mabotolo m'sitolo mpaka alonda kumandiyang'anitsitsa. Nanunso mukalowa m'sitolo mawa, tembenuzani lomwe mumakonda lija, muwerenge mpaka pansi, kenako mudzandiuze zomwe mwapeza.